PAKAMWA PAKATSEKEKA, MAWU ATULUKIRE PATI?

Linali Lachitatu m'mawa m'mwezi wa February, nthawi yomwe aliyense kuno kwa Chisemphere amakhala ali kalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya. Ife alangizi a zaumoyo tinali titakoloweka sikelo yathu panthambi ya mtengo wa mango monga timachitira mwezi uliwonse. Amayi atatha kukweza ana awo sikelo, panatsala mayi mmodzi wachikulire ali ndi mwana wake wamkazi wa zaka 19. Dzina lake sitilitchula, mudzi wake sitiunena, ndipo zina tazisintha kuti asadziwike.

"Adokotala, mwanayu akungowonda. Tamuonereniko," anatero mayiwo.

Tinayamba mafunso athu a masiku onse. Akutsokomola? Akudya bwino? Akutuluka thukuta usiku? Mafunso onsewa timafunsa mayi ake. Mtsikanayo anangokhala pamkeka, maso ali pa ife, kuyang'ana uyu akalankhula, kuyang'ana uyo akayankha. Ali ndi zaka 4 anadwala malungo aakulu nakomoka masiku angapo. Chitsitsimukireni mawu satuluka bwino, ndipo dzanja lake lamanja ndi louma. Koma makutu ake amamva zonse.

Titanena kuti ndi bwino akayezetse chifuwa chachikulu komanso kachirombo ka HIV, mayiwo anaseka. "Ameneyu Edzi angakaitenge kuti? Sayenda ndi anyamata, amangokhala pakhomo." Kunena zoona, nafenso tinatsala pang'ono kuvomereza. Pomwepo mtsikana uja anamenya pansi ndi dzanja lake lamanzere, kawiri, mwamphamvu, natiyang'anitsitsa.

Tinachita manyazi. Kwa mphindi 20 tinakhala tikukambirana za munthu wamkulu ali pomwepo, ngati tikukambirana za thumba la chimanga.

Kodi anthu otere ndi angati?

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Mwa anthu 100 alionse a m'gulu limeneli, 24 amavutika kumva ndipo 9 amavutika kulankhula. Tikawerengera bwino, ovutika kulankhulawo ndi pafupifupi 140,000. Ena mwa iwo ali m'midzi mwathu muno, kuseri kwa nyumba, komwe alendo safikako.

Zoyambitsa vutoli ndi zambiri. Ena anabanika pobadwa kapena anadwala chikasu chachikulu ali akhanda, ubongo n'kuvulala. Ena ndi malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Ena anabadwa osamva ndipo sanapeze mwayi wopita kusukulu. Akuluakulu ena anachita sitiroko kapena ngozi ya pamsewu. Nako kachirombo ka HIV kamalowapo: munthu chitetezo chake chikatsika kwambiri akhoza kudwala matenda oumitsa khosi, ndipo kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti kachiromboka kamawonjezera chiopsezo cha sitiroko ngakhale kwa anthu omwe sanakalambe.

Choncho achinyamata anzathu, nkhaniyi si ya anthu ena akutali. Aliyense wa ife akhoza kudzuka tsiku lina pakamwa patatsekeka, nzeru zili bwinobwino.

Kulankhula si pakamwa pokha

Tonsefe timalankhula popanda mawu tsiku lililonse. Mukafuna kabaza mumangokweza dzanja. Oyimbira mpira akatulutsa khadi lofiira, wosewera sadikira kuti amufotokozere. Belo la fodya likafika kumsika wa Chinkhoma, mwini wake ngakhale atatsala kumudzi, nambala yolembedwa pachigudulipo ndiyo imamuyankhulira.

Akatswiri anasonkhanitsa njira zotere n'kuzikonza bwino kuti zithandize anthu omwe pakamwa pokha sipawakwanira. Mwachidule amazitchula kuti AAC, kutanthauza njira zothandizira kulankhula kapena zolowa m'malo mwa kulankhula. Zilipo zamitundu itatu.

Zoyamba ndi zongogwiritsa ntchito thupi: kugwedeza mutu, kuphethira, kuloza, kukweza dzanja, nkhope. Zachiwiri ndi zipangizo zosafuna magetsi: bolodi la zithunzi, kabuku ka zithunzi, pepala la zilembo, kapena zinthu zenizeni monga kapu ndi supuni zomwe munthu amakhudza pofuna madzi kapena phala. Zachitatu ndi makina: foni kapena kompyuta yomwe munthu akadina chithunzi kapena kulemba mawu, imalankhula. Wasayansi wotchuka wa ku Britain, Stephen Hawking, yemwe anamwalira mu 2018, anaphunzitsa ndi kulemba mabuku kwa zaka zoposa 30 pogwiritsa ntchito makina otere.

Tisasokoneze ndi chinenero cha manja. Chimenechi ndi chinenero chokwanira pachokha, monga Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD limachilimbikitsa. Ana amachiphunzira kusukulu za osamva monga Embangweni ku Mzimba, Mua ku Dedza ndi Maryview ku Chiradzulu. Munthu wodziwa chinenerochi amafunika womasulira, osati zithunzi zokha. Koma osamva ambiri akumudzi sanafikeko kusukulu zimenezi, ndipo munthu wouma manja sangathe kupanga zizindikirozo. Apa ndi pomwe zithunzi zimagwira ntchito.

Makolo ena amaopa kuti mwana akazolowera kuloza zithunzi achita ulesi ndipo sadzalankhulanso. Kafukufuku wakhala akuonetsa kuti sizili choncho. Njirazi siziletsa mwana kulankhula, ndipo ana ena mawu awo amawonjezereka.

Mnyamata amene ankamva zonse

Ku South Africa kuli nkhani yodziwika ya Martin Pistorius. Mu 1988, ali ndi zaka 12, anadwala matenda omwe anamulanda mawu ndi mphamvu za thupi lonse. Anthu anaganiza kuti sadziwanso kanthu. Patapita zaka zingapo nzeru zake zinabwerera, koma panalibe anazindikira. Anakhala zaka zambiri akumva zonse zomwe anthu amanena pamaso pake, osatha kuyankha.

Mayi wina wogwira ntchito pamalo pomwe amamusamalira ndi amene anaona kuti maso a mnyamatayu akuyankha. Mu 2001 anapita naye ku yunivesite ya Pretoria, komwe kuli likulu loona za AAC lomwe linakhazikitsidwa mu 1990. Kumeneko anamupempha kuti ayang'ane zithunzi zomwe amatchula, ndipo anakhoza. Anaphunzira kulankhula ndi kompyuta, anapita ku yunivesite, anakwatira mu 2009, ndipo mu 2011 anatulutsa buku la mbiri yake lotchedwa Ghost Boy. M'bukumo anaulula kuti ena mwa omusamalira ankamuchitira nkhanza, kuphatikizapo zokhudza kugonana, podziwa kuti sakanatha kuuza munthu.

Chomwe chinamasula Martin poyamba si kompyuta ayi. Ndi munthu mmodzi amene anafatsa n'kumuyang'ana m'maso.

Zikukhudzana bwanji ndi HIV ndi Edzi?

Choyamba, uthenga suwafika. Mauthenga athu ambiri amadutsa pawailesi, m'masewero ndi m'zokambirana za kukalabu. Wosamva samva wailesi. Wosalankhula sangafunse pomwe sanamvetse. Ndipo makolo ambiri satumiza mwana wotere kukalabu poganiza kuti nkhani za kutha msinkhu, makondomu ndi kudziletsa sizimukhudza. Komatu iyenso thupi lake limakula, amakonda ndipo amakondedwa ngati wina aliyense.

Chachiwiri ndi nkhanza. Wogwirira amasankha munthu yemwe sakanena. M'nyengo ya fodya makolo amachoka mbandakucha kupita kumunda, ena amachezera kuzigafa, mwana wolumala n'kutsala yekha pakhomo. Palinso bodza lija lakuti kugona ndi namwali kumachotsa kachirombo, ndipo anthu oipa mtima amaganiza kuti munthu wolumala ndiye namwali weniweni. Bodza limeneli lapweteketsa ambiri. Palibe kugonana kulikonse komwe kumachiza HIV. Kafukufuku wa mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon, yemwe anatuluka mu 2017, anapeza kuti pafupifupi anthu 7 mwa 100 alionse aulumali anali ndi kachiromboka, pomwe mwa anzawo opanda ulumali anali 4.

Chachitatu ndi m'chipinda cha uphungu. Kuyezetsa magazi n'kodzifunira wekha ndipo zotsatira ndi zachinsinsi. M'Malawi muno munthu wa zaka 13 kupita m'tsogolo atha kuyezetsa popanda kudikira chilolezo cha makolo. Nanga chinsinsi chili pati ngati wokuyankhulira ndi mayi ako, amalume ako, kapena munthu yemweyo amene akukuzunza?

Chachinayi ndi mankhwala. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala zaboma mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba kumwa posatengera kuchuluka kwa chitetezo chake. Koma mankhwala amafuna kumvana. Munthu ayenera kudziwa chifukwa chomwe akumwera, nthawi yomwera, ndipo ayenera kutha kunena akamamva chizungulire kapena nseru. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga iye amene wamva m'mimba koma alibe ponenera, chitseko atsekula bwanji?

Zomwe katoni ya sopo inachita

Tibwerere pansi pa mtengo wa mango paja. Titachita manyazi, tinatembenukira kwa mtsikanayo n'kumupatsa moni, chinthu chomwe tinayenera kuyambira. Kenako tinafunsa mayi ake kuti, "Kodi akafuna kuvomera amatani?" Mayiwo anayankha msangamsanga: akavomera amakweza dzanja lamanzere, akakana amatembenuzira nkhope kumbali. Chinenero chinalipo kale pakhomopo, kungoti palibe anachiyesa chinenero.

Tinayamba ndi mafunso omwe mayankho ake timawadziwa. "Kodi awa ndi mayi ako?" Dzanja m'mwamba. "Kodi ndiwe mnyamata?" Anatembenuza nkhope uku akuseka. Tinasinthasintha mafunso mpaka tinatsimikiza kuti sakungovomera zilizonse.

Madzulo ake msuweni wake, yemwe ndi membala wa kalabu ya achinyamata ndipo amatha kujambula, anapempha katoni ya sopo kugolosale. Anaidula n'kuigawa zigawo 8. Anajambula madzi, nsima, chimbudzi, nkhope yosekerera, nkhope yolira, munthu wogwira pamimba, dzanja loletsa lotanthauza "siya", ndi bokosi lopanda kanthu lotanthauza "zomwe ndikufuna kunena palibe apa". Kuseri anajambula thupi la munthu, kutsogolo ndi kumbuyo. Pansi pa chithunzi chilichonse analemba mawu m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, poti kwathu kuno zinenero ziwirizi zimayendera limodzi. Pomaliza anakuta katoniyo ndi pepala lapulasitiki kuti isanyowe.

Sabata yomweyo tinamuperekeza kuchipatala. Asanalowe tinamufotokozera ndi zithunzi zomwe zichitike: chala, kadontho ka magazi, kudikira pang'ono, zotsatira. Tinamufunsa ngati akufuna kuyezetsa. Anakweza dzanja. Tinamufunsa ngati akufuna mayi ake alowe nawo. Anatembenuza nkhope. Mayi aja zinawapweteka, koma anadikira panja, ndipo mwana wawo analowa ndi namwino wamkazi.

Zotsatira zake sitikuuzani. Ndi zake.

Patapita masabata angapo, zithunzi zitachuluka n'kukhala kabuku, tsiku lina anamuitana msuweni wake uja. Analoza chithunzi cha usiku, cha chitseko, cha mwamuna, kenako malo ena pachithunzi cha thupi, n'kumaliza ndi nkhope yolira. Anabwereza katatu. Msuweniyo anachita bwino: sanayambe kutchula maina a anthu a m'mudzi kuti amuvomereze. Anabwera kudzatiuza, ndipo nkhaniyo tinaitengera kwa apolisi a ofesi yothandiza ozunzidwa komanso kwa a zachisamaliro cha anthu. Pano ili m'manja mwawo.

Chomwe chimatiwawa n'chakuti munthu akagwiriridwa pali mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti asatenge kachirombo, koma amayenera kuyamba pasanathe maola 72. Mtsikanayu anasunga nkhaniyi miyezi yambiri, osati chifukwa chobisa, koma chifukwa analibe ponenera. Tisanalembe nkhaniyi tinamuwerengera ndi kumupempha chilolezo. Anakweza dzanja.

Bambo wa mabelo 6

Si achinyamata okha. Bambo wina mlimi wa fodya anachita sitiroko atangomaliza kudinda mabelo. Mbali yakumanja inafa ndipo mawu anasowa, zomwe zimachitika kawirikawiri chifukwa mbali ya ubongo yoyendetsa dzanja lamanja ndi yomwenso, mwa anthu ambiri, imayendetsa kulankhula. Achibale ena anati amulodza. Ena anayamba kukambirana za fodya wake ali pomwepo, ndipo akakwiya n'kumenya mphasa ankati mutu wasokonekera.

Mwana wawo wa Fomu 2 anamulembera manambala kuyambira 1 mpaka 10, najambula belo, ndalama, thumba la feteleza, sukulu ndi nkhope za apabanja. Poyamba zinavuta, chifukwa sitiroko imasokonezanso kuwerenga. Koma pang'onopang'ono, ndi dzanja lamanzere, bamboyo analoza belo, analoza 6, analoza sukulu, n'kuloza mwana wakeyo. Aliyense anakhala chete. Mwini fodya anali atalankhula.

Malamulo akuti chiyani?

Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo dziko la Malawi linalowa m'panganoli mu 2009. Ndime 21 ya panganoli imanena kuti anthu aulumali ali ndi ufulu wolandira ndi kupereka uthenga kudzera m'njira yomwe asankha, ndipo imatchula chinenero cha manja, zilembo za osaona komanso njira za AAC. Ndime 25 imati alandire chithandizo cha zaumoyo chofanana ndi cha ena onse, kuphatikizapo cha uchembere ndi kugonana. Kuno kwathu lamulo latsopano la anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo bungwe la MACODA linalowa m'malo mwa MACOHA.

Choncho kumvetsera munthu wosalankhula si chifundo chabe. Ndi ufulu wake.

Komabe akatswiri a kalankhulidwe ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo makina olankhula ndi okwera mtengo. Nambala yaulere ya 116 imathandiza ana ozunzidwa, koma wosalankhula sangaimbe yekha. Tikati tidikire zonsezi zifike kwa Chisemphere, anzathu akhala chete zaka zina zambiri. Paja fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Katoni, makala ndi cholembera tili nazo.

Zomwe kalabu yanu ingachite

Yambani ndi kufufuza. Mogwirizana ndi amfumu komanso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, dziwani achinyamata omwe samva kapena salankhula. Pitani kwawo mwaulemu, awiriawiri, mtsikana kwa mtsikana mnzake, mnyamata kwa mnyamata mnzake, ndipo muwaitanire kukalabu. Mukakhala nawo kumbukirani izi:

1. Lankhulani ndi mwini wake, osati womuperekeza. Mupatseni moni, khalani moyang'anana naye, ndipo ngati ndi wamkulu musamulankhule ngati mwana.

2. Pezani kaye "inde" ndi "ayi" wake. Funsani apabanja, kenako yesani ndi mafunso omwe mayankho ake mukuwadziwa.

3. Funsani funso limodzi, kenako dikirani. Werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze. Ambiri timalephera apa chifukwa cha changu.

4. Yambani ndi zithunzi zochepa ndi zazikulu, za zinthu zomwe iye amazidziwa ndi kuzifuna. Musaiwale mawu okanira: "ayi", "siya", "ndikuopa", "zikuwawa". Bolodi lokhala ndi nsima ndi madzi zokha limathandiza womusamalira, osati mwini wake.

5. Inunso lozani zithunzizo pamene mukulankhula naye. Umo ndi momwe amaphunzirira.

6. Ngati sangathe kuloza, lozani inuyo chimodzichimodzi, iye avomere mukafika pa chomwe akufuna. Ena amaloza ndi maso. Koma musamugwire dzanja n'kumalozetsa, chifukwa mawuwo akhala anu, osati ake.

7. Bwerezani zomwe mwamva kuti atsimikize. Ngati simunamve, nenani kuti simunamve. Musanamizire.

8. Bolodi ndi pakamwa pake. Lisasungidwe m'sutikesi kapena kulandidwa ngati chilango. Lipite naye kumunda, kutchalitchi, kumzikiti ndi kuchipatala.

9. M'buku lake lakuchipatala matanimo kapepala konena momwe amavomerera, momwe amakanira, ndi munthu yemwe iye wasankha kuti azimuthandiza. Kwa amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, jambulani kalendala yokhala ndi dzuwa ndi piritsi kuti azichonga yekha.

10. Akaulula za nkhanza, mukhulupirireni. Musamufunse mafunso omutsogolera, musakambe pagulu, ndipo musalole kuti nkhaniyo ithere pakhomo ndi mbuzi kapena ndalama. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kenako kupolisi.

Ngati pali foni yojambula mawu, mnzake wamsinkhu wake atha kumujambulira mawu ochepa monga moni kapena "ndithandizeni" kuti azidina. Wodziwa kulemba atha kugwiritsa ntchito uthenga wapafoni kapena kope. Ngati m'dera lanu muli wina amene anaphunzira chinenero cha manja, mupempheni aziphunzitsa kalabu zizindikiro zisanu sabata iliyonse. Ndipo maina aja akuti bububu, gonthi kapena chitsiru tiwasiye. Aliyense ali ndi dzina lomwe anapatsidwa.

Funso lake loyamba

Mtsikana uja tsopano amabwera kukalabu Loweruka lililonse, kabuku kake kali m'chikwama chansalu chomwe mayi ake anamusokera. Mayiwo ndi amene amakumbutsa msuweni uja kuti awonjezere zithunzi. Tsiku lina anatiuza kuti, "Zaka zonsezi ndimati ndikumudziwa mwana wanga. Sindimadziwa kuti phala lamchere sakondwa nalo."

Mwezi wathawu kalabu imakambirana za zibwenzi. Wapampando atafunsa ngati pali funso, mtsikanayo anamenya pansi kawiri monga anachitira tsiku lija. Anatsegula kabuku kake, analoza chithunzi chake, analoza cha ukwati, n'kuloza chizindikiro cha funso.

Anyamata ena anafuna kuseka, koma wapampando, mtsikana wa zaka 17, anawayang'ana mpaka anakhala chete. Kenako anatembenukira kwa mnzakeyo nati, "Inde achemwali, n'zotheka. Koma mwamunayo mudzasankhe nokha, ndipo mukayezetse limodzi."

Dzanja lamanzere linakwera m'mwamba.